Ampulifaya ya a Silvester Inagawidwa Pamphasa

A Silvester Ngozo ndinawapeza pakhonde la sitolo yanga tsiku limene ndinafika pa Kandeu. Chinali chaka chimene amwenye ankachoka m'malo ang'onoang'ono a malonda kupita kumizinda. Ine Sidiki, mwana wa wogulitsa nsalu wa kumsewu waukulu, ndinati mwayi uwu usandipite. M'sitolo imene mmwenye wina anasiya ndinapezamo mashelefu opanda kanthu, sikelo, ndi kajenereta kakale kamene kanali katasiya kulira. Pakhonde panali bambo wamtali, woonda, atakhala pabokosi la sopo, akutenthetsa chitsulo chowotcherera mtovu pambaula. Mmwenye uja ankawalola kukonzera mawailesi pamenepo. Nanenso ndinawalola osaganiza kawiri, chifukwa munthu amene wailesi yake yadzuka amafuna mabatire, ndipo mabatire anali kwa ine.

Kwawo ndi ku Kasinje. Ali mnyamata anapita ku Halale, kumene anagwira ntchito m'nyumba yokonzera mawailesi ndi magalamafoni, ndipo Loweruka ankaimba gitala m'mabala a anthu akuda. Anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri zokha zooneka: gitala yamagetsi ndi ampulifaya, bokosi lokuzira mawu ake. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi masuti, iwo anabwera ndi bokosi lolemera limene anthu ankaliseka, popeza kuno kulibe magetsi. Anakwatira a Christobel m'mudzi wina pafupi ndi Kandeu, nakhala pachikamwini, pamalo a akazi awo. Anabereka mwana mmodzi, Janeti.

Ntchito yoyamba imene anandigwirira inali kudzutsa kajenereta kaja. Katalira, anandifunsa mwamanyazi ngati angabweretse bokosi lawo. Zaka zonsezo ankachita kubwereka injini ya mwini chigayo, pa maukwati okhaokha.

Kumbuyo kwa bokosilo kunali chitsulo chopingasa, pamwamba pake mababu agalasi oimirira, amene akatentha amayaka mofiira ngati makala. Kutsogolo kunali sipika yaikulu ngati mbale ya ndiwo ya banja lonse. Atakhudza nsambo za gitala, ana a pamsika anasiya zimene ankachita, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere anatembenuka onse. Ine ndinayang'ana khamu lija nkuona sopo, machesi ndi palafini zikutuluka m'sitolo. Tinagwirizana kuti tsiku lililonse la msika aziimba pakhonde.

A Christobel anali woimba wa kwaya, wa mawu aang'ono koma osalala. Pa maukwati ankaimbira m'maikolofoni olumikiza ku ampulifaya yomweyo, amuna awo akuwatsatira ndi gitala. Apa ndi pamene panali vuto. Bokosilo linali laukali. Gitala inkakoma ikamabangula, koma mawu a munthu ankatuluka osasa.

"Bambo a Janeti, chinthu chanuchi chikundisandutsa chule," anatero tsiku lina atabwera kudzagula mchere.

"Ndichepetse?"

"Mukachepetsa sindimveka. Mukakweza ndine chule. Sankhani, mukufuna mkazi kapena gitala?"

"Ndikufuna zonse."

"Ndiye konzani, si paja mumati munaphunzira ku Halale?"

A Silvester anatsegula bokosi lija sabata yomweyo. Asanaligwire m'kati, anatenga waya nkugunditsa pa timabotolo tina tachitsulo mpaka panathetheka moto, ngakhale jenereta inali yozima. Anandiuza kuti timabotoloto timasunga magetsi okwanira kupha munthu, ndipo nthawi yonse imene ankagwira ntchito dzanja limodzi linali m'thumba la buluku. Ine ndinkayang'ana ndili pawindo la sitolo, ndikuyeza shuga.

"Onani waya uyu, a Sidiki," anatero. "Akuchokera ku thiransifoma imene imadyetsa sipika, nkubwerera m'mbuyo ku babu ili. Amatapako mawu pang'ono nkuwabwezera m'kati atazondoka. Akakumana ndi anzawo amene akutuluka, amawachotsera ukali. Mukabweza ambiri, mawu amatuluka oyera koma ofatsa. Mukabweza ochepa, chinthuchi chimalusa."

Ndinamva msanga, chifukwa ndi masamu ochotsera basi. Pakati pa wayayo panali kanthu konga nyemba, ka mizere yamitundu, kamene iwo ankati rezisita. Ndi kamene kamaletsa mawu obwerera aja. Anandiphunzitsa kuwerenga mizereyo: wachikasu, wofiirira, wofiira, ndiye kuti 4,700. Nambala ikakula, mawu obwerera amachepa. Anati opanga bokosilo anaikamo kakang'ono, koma mnzawo wina ku Halale anakachotsa nkuikamo kakakuluka kuti m'bala muzigwedezeka. Maganizo awo anali oika ka 470 kokha, nkuwonjezera kabatani kopotokola kotsatana nako, kuti munthu azisankha yekha pakati pa kufatsa ndi kulusa.

Kabatani koteroko sikankapezeka pa Kandeu. Ndinalonjeza kukafunsa ku Limbe ndikamakapikula katundu, koma a Christobel sanafune kudikira. M'mawa mwake anabwera ndi wailesi yawo pamutu. Inali mphatso ya amalume awo pa ukwati, ndipo inali itafa kalekale chifukwa mabatire anaphulikira m'kati nkudya zonse. Ndinaiona ndi maso anga, m'kati monse munali mobiriwira. Kabatani kokwezera mawu kokha ndi kamene kanapulumuka, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa 5,000.

"Tengani," anatero. "Imangosungira mphemvu."

A Silvester anabwereka chobowolera cha pamanja kwa kalipentala, anabowola chitsulo chakumbuyo, namangirira kabataniko. Atayatsa koyamba, bokosi linalira likhweru lakuthwa moti mbuzi za pamsika zinadula zingwe. A Christobel anaseka mpaka kukhala pansi. Vuto linali lakuti mawaya atsopano aja anadutsa pafupi kwambiri ndi polowera gitala. Anazimitsa, anatayanso magetsi aja, anapota mawaya awiriwo ngati chingwe cha khonje nkuwadutsitsa m'mbali mwa chitsulo. Atayatsanso kunali zii. Anapotokola kabatani kumanzere napereka maikolofoni kwa akazi awo. Anaimba ndime imodzi ya nyimbo ya ukwati, ndipo mawu anatuluka eni ake, okulirapo chabe. Kenaka a Silvester anapotokolera kumanja namenya gitala, malata a khonde ananjenjemera.

Kuyambira pamenepo ankaitanidwa mpaka ku Nzama ndi midzi ya kumtunda. Mkwatibwi akamalowa, kabatani kumanzere, a Christobel aimbe. Nthawi ya pelekanipelekani ikakwana, kumanja. Ine ndinkabwereketsa jenereta, ndipo ndinali nditayamba kuganiza zomanga chipinda kuseri kwa sitolo, choti achinyamata azivinamo Loweruka masana akugula zakumwa zozizira. Pa maukwati onsewo, munthu woyamba kulowa m'bwalo anali a Fanizo, mchimwene wa a Christobel. Ankavina mpaka shati kumatirira pamsana, akukuwa kuti alamu apotokolebe.

A Christobel anadwala m'dzinja, chifuwa ndi malungo. Anawatengera kuchipatala koma sanabwerere. Titaika maliro, a Silvester sanabwere pakhonde kwa nthawi yaitali. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, akuchikazi anaitanitsa tsiku losudzula, lowamasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Mwambo wake aliyense kuno amaudziwa: chimene mkamwini anabwera nacho amapita nacho, chimene chinapezedwa m'banja chimatsalira ana. Palibe amene amadandaula nawo. A Silvester anali atavomera kale kusiya nyumba imene anamanga, nkhokwe, mbuzi, mipando, ndi njinga yomwe. Janeti azikhala ndi mayi ake aang'ono. Iwo ankangoyembekeza kunyamula zida zawo, gitala ndi ampulifaya, chifukwa ndizo zinkawadyetsa.

A Eliya, akulu awo a ku Kasinje amene anali nkhoswe yawo, anandipempha kuti ndikakhalepo. Tinakumana m'mawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Katundu yense anayalidwa pamphasa. Nkhoswe ya kuchikazi inali amalume a malemu aja, mkulu wofatsa amene anayendetsa zonse bwino mpaka tinafika pabokosi.

"Ichi anabwera nacho kuchokera ku Halale asanaione nkomwe nkhope ya malemu," anatero a Eliya.

Mkulu uja anagwedeza mutu kuvomera, koma a Fanizo anaimirira. Masiku amenewo anali atangosankhidwa kukhala wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo, ndipo anabwera atavala jekete ngakhale kunali dzuwa.

"Anabwera nayo, sitikukana. Koma imene anabwera nayo si iyi." Anatembenuza bokosi lija nkuloza kumbuyo. "Alamu, kabatani aka kanachokera kuti?"

"M'wailesi ya mayi a Janeti."

"Wailesiyo anawapatsa ndani?"

"Amalume ali apawa."

"Ili kuti lero?"

"Inafa, alamu."

"Inafa kapena munaipha kuti muchotse mtima wake?"

Sindinathe kupirira. Ndinati wailesiyo inali itafa kale, ndinaiona, ndipo eni ake ndi amene anaibweretsa pamutu kusitolo.

"Asitolo, apa sitikugula mchere," anatero a Fanizo. "Inu mwabwera dzulodzuloli. Ngakhale mowa wa pamaliro simunalawe."

Ena anaseka. A Silvester anati palibe chovuta, kabataniko achotsa nkubweza kwa eni ake. Mkulu uja anati zatha bwino. Koma a Fanizo anali asanakhale pansi. Anagogoda bokosi ndi chala.

"Nanga matabwawa? A ku Halale?"

Sanali a ku Halale. Bokosi loyamba linadyedwa ndi chiswe chaka chimene Janeti anabadwa, ndipo a Silvester anakhoma lina ndi matabwa a mtengo wa m'bawa umene unagwa m'munda mwa akazi awo.

"Munda wa yani? Mtengo wa yani?" A Fanizo anakoka nsalu yotchinga sipika. "Ichi si chitenje cha mlongo wanga?"

Chinali chomwecho. A Christobel anachidula okha nsalu yakale itang'ambika, nachikhomera ndi timisomali.

Apa ndi pamene ndinaona kuipa kwa nkhaniyi. Chilichonse chimene anthu awiriwa anachitira limodzi pabokosi lija, posamalirana, chinasanduka umboni wolanda. Akanakhala mwamuna wouma mtima, wotsekera katundu wake m'sutikesi osalola mkazi kumukhudza, akanachoka ndi ampulifaya yathunthu. Anawalanga chifukwa cha banja labwino. Ndipo wowalangayo anali munthu amene sanadulepo thabwa, sanagwirepo mtovu, amene phindu lake lonse pabokosilo linali thukuta la kuvina.

"Matabwa ndi nsalu tengani," anatero a Silvester. Mawu awo sanakwere. "Chitsulo ndi sipika ndi zanga."

"Sipikayo ndiye ndimafuna tikambirane. Kuno pamisonkhano ya chipani timachita kukuwa mpaka kukhosi kuuma. Amayi akamayeserera nyimbo, akumbuyo samva. Sipika ili kale m'bokosi lathu, yomangidwa bwinobwino. Kapena alamu mukukana kuthandiza chipani? Nenani pano, anthu amve."

A Eliya, amene anayenda ulendo wonse wochokera ku Kasinje kudzalankhulira mng'ono wawo, anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Mkulu wa kuchikazi anafufuza fodya m'thumba. Nanenso ndili ndi sitolo, ndipo khadi langa la chipani ndimayenda nalo ngati wina aliyense. Owerenga andimvetse: sindikunena za chipani. Ndikunena za munthu amene anafuna katundu wa mlamu wake, ataona kuti mwambo sukumupatsa, nkukabisala kumbuyo kwa dzina limene ankadziwa kuti palibe angaliyankhe.

A Silvester anapempha makala. Ndinakatenga mbaula kukhitchini. Anakhala pamphasa, anatsegula thumba la zida, nayamba kumasula. Anachotsa mababu limodzilimodzi nkuwakulunga m'shati yawo ina. Anamasula chitsulo nkuchisolola m'bokosi. Anadula mawaya awiri opita ku sipika. Pomaliza anatenthetsa chitsulo chowotcherera, nasungunula mtovu pa kabatani kaja. Fungo la mtovu linadzaza pansi pa mtengo. Anakapukuta pabuluku nkukapereka ndi manja awiri kwa amalume a malemu, osati kwa a Fanizo. Mkulu uja anakalandira osadziwa pokaika, nkukaponya m'thumba la fodya.

Panatsala nsonga ziwiri za waya zikulendewera. A Silvester anazilumikiza nkuziwotcherera pamodzi. Ine ndinadziwa tanthauzo lake: kwatsala ka 470 kokha, ampulifaya yakhazikika kumbali yofatsa, ya mawu a munthu.

Atamasulidwa ndi mawu a mwambo, anatsanzika Janeti pakhomo, ndipo tinanyamuka. Chitsulo chinali m'dengu pamutu pawo, gitala kumsana kwa a Eliya, mababu m'manja mwanga. Ku Kasinje kulibe jenereta, choncho chitsulo chinatsala kwa ine, pashelefu ya pamwamba. Ampulifaya ya mababu siyatsidwa popanda sipika, thiransifoma imapsa. Inangokhala pamenepo, bowo la kabatani likuyang'ana ogula.

Sipanapite nthawi, a Fanizo anatulukira kusitolo. Anali atayesa kulumikiza sipika ija ku wailesi ya mnzawo, koma inangonong'ona.

"Asitolo, Loweruka kuli msonkhano. Mutumize mawu kwa alamu abwere ndi chitsulo chija. Jenereta yanunso tiifuna, ndi mafuta ake."

"Alamu anu munawasudzula."

"Tinawasudzula ukwati. Sitinawasudzule dziko."

A Silvester anabwera wapansi kuchokera ku Kasinje. Anabwezera chitsulo m'bokosi limene anakhoma ndi manja awo, analumikiza sipika, anaika mababu. A Fanizo analankhula nthawi yaitali za kulima ndi kugula makhadi, ndipo mawu awo anatuluka oyera, osalala, monga ankatulukira a mlongo wawo. Anthu anawaombera m'manja. Msonkhano utatha, a Silvester anamasulanso zonse, bokosi linabwerera kunyumba kwa a Fanizo, chitsulo kwa ine. Sanapatsidwe ngakhale chikho cha thobwa. Zakhala choncho kuyambira pamenepo. Msonkhano uliwonse amaitanidwa, amayenda, amalumikiza, amamasula. Ampulifaya imene inavinitsa midzi yonse ya kuno imakhala yathunthu pokhapokha a Fanizo akafuna kulankhula.

Ine sindinagonje. Ulendo uliwonse wa ku Limbe ndimazungulira m'nyumba zokonzera mawailesi. Kabatani ka 5,000 ndinakapeza kale, kali m'kabati. Munthu wina wandilonjeza sipika ya m'galamafoni yaikulu ya m'bala, ndipo matabwa ndigula ndekha kuti pasadzapezeke wonena kuti mtengo unamera m'munda mwake. Ndinawafotokozera a Silvester zonsezi tsiku la msika lapitali, ndikuwajambulira pakauntala ndi chala mmene chipinda chovinira chidzakhalire. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"A Sidiki, mutu wanu umathamanga," anatero. "Mukakhoma bokosi latsopano, likalira pakhonde pano, mawa lake ndani abwere kudzalibwereka? Pano amandiitana chifukwa ali ndi theka. Likakhala lathunthu sadzafunanso kundiitana, adzangotuma achinyamata kudzanyamula."

Ndinati tidzapeza njira. Anafunsa kuti njira yanji.

Tsopano amalima kwa akulu awo ndi kukonza mawailesi a ku Kasinje, ochepa kwambiri. Zala zawo zakumanzere, zimene zinali zolimba nsonga chifukwa cha nsambo, zafewa, ndipo zikhatho zachita matuza a khasu. Tsiku la msika lomwelo anali atabwera ndi gitala itakulungidwa m'thumba la feteleza. Anaiika pakauntala.

"Muipachike apo. Akapezeka wofuna, mugulitse. Janeti akufuna yunifolomu ndi nsapato."

Ndinatsitsa nsalu ya yunifolomu ndi nsapato pashelefu nkuwapatsa kuti akasiyire mwanayo. Anakana kawiri, kachitatu anatenga. Gitala ndinaipachika pamsomali pamwamba pa matumba a shuga. Aphunzitsi awiri aifunsa kale, ndi mnyamata wina wa ku Nzama amene anabwera ndi bambo ake. Onse ndawauza kuti inagulidwa, mwini wake sanabwere kudzatenga.